Phula pa Nsalu Yoyera

Alick Chimbalanga anasankha Lamulungu m'mawa, nthawi imene anthu a kwa Chizinga amakhala ali m'matchalitchi. Itangokwana 9 koloko anafika pa mlatho wa Katsumwa ndi ngolo, pamodzi ndi amuna awiri aganyu amene anakawatenga kutali, ku Diamphwe. Onse atatu anavala majekete owala aja amavala okonza misewu. Kuno kwathu munthu akavala jekete yotero, ngakhale atayamba kuzula msewu wonse, odutsa amangomupatsa moni.

Mlathowo unali wakale kuposa munthu aliyense wa m'deralo. Anaumanga nthawi ya atsamunda ndi mitengo ya muwanga yonyikidwa m'phula. Mbali zonse ziwiri unali ndi mitanda yopingasana, yolumikizidwa ndi mabawuti aakulu, ndipo mitandayo ndiyo inkanyamula matabwa opondapo. Chiswe chinaulephera, madzi osefukira anaulepheranso. Aliyense wochoka ku Mitundu kupita ku Nathenje, amene sankafuna kukazungulira ku tauni, ankadutsa pomwepo.

Alick anali kalipentala wa m'mudzimo, ndipo ankadziwa kuti muwanga wotero kulibenso m'nkhalango. Omanga nyumba ku Lilongwe ankaufuna wa mafelemu a zitseko. Ndi sipanala ya matayala a lole anamasula mitanda inayi. M'malo mwake anaikamo bulugama wosauma, wopakidwa oyilo wakuda wa galimoto. Woyang'anira patali sakanasiyanitsa. Mapemphero asanathe, mitanda inali pa ngolo, itafunditsidwa mapesi.

"Ugwira koma umenewu?" anafunsa mmodzi wa aganyuwo.

"Mpaka mvula," anayankha Alick. "Ukadzagwa nthawi ya mvula, adzati ndi madzi."

Mlatho sunadikire mvula. Unagwira masabata awiri okha.

Lachiwiri pa 21 Okutobala, cha m'ma 6 koloko m'mawa, Matthews Gwaza anafika pamenepo ndi ngolo yodzaza njerwa. Ng'ombe zake zitaponda thabwa loyamba zinaima. Anazikalipira, zinakana. Anazikwapula, zinalowa. Zili pakatikati panamveka phokoso ngati la mfuti, mbali imodzi ya mlatho inapendekeka, ndipo ngolo, ng'ombe ndi munthu zinagwera pamiyala ya mumtsinje. Amayi amene ankathirira m'madimba anathamanga akukuwa. Pamene ankamaliza kumuchotsa njerwa pachifuwa, Matthews anali atatsirizika.

Matthews anali mkamwini kwa Chizinga. Kwawo kunali kwa Mkuwazi, kutsidya, mbali ya ku Nathenje. Anakwatira Jacinta, mwana wa a Lackson Chikuse, ndipo a Lackson ndiwo ankasamala mlathowo. Zaka makumi awiri ndi zisanu, chilimwe chilichonse, ankalimbitsa mabawuti ndi kuthira phula m'mabowo ake kuti madzi asalowe. Chaka chino anachedwa. Mwendo unawatupa, ndipo mwezi wathunthu anali gone m'nyumba.

A Lackson anafika pa mlatho akutsimphina, atagwira ndodo. Ataona mtembo wa mkamwini wawo anavula chipewa. Kenako anatola chibenthu cha mtanda wothyoka, nachinunkhiza. Munthu wochenjera akanatseka pakamwa. Koma a Lackson ankaukonda mlathowo mopitirira.

"Uyu ndi bulugama!" anakuwa. "Muwanga uli kuti? Wachotsa muwanga ndani?"

Wina kumbuyo anayankha.

"Mukufunsa ife? Sipanala ya mlatho amasunga ndani?"

"Agulitsa mitengo madalawa!"

"Apha mkamwini wawo yemwe!"

Mwala woyamba unawapeza paphewa. Jacinta anali atagwada pambali pa mtembo wa mwamuna wake. Anadzambatuka, nakaima kutsogolo kwa bambo ake, manja ali m'mwamba. Mwala wachiwiri unamenya iye pamkono. Akanapanda kufika Sajeni Patricia Thawale wa kupolisi, amene anabwera pa njinga yamoto ya kabaza, maliro akanakhala awiri.

"Aliyense abwerere m'mbuyo!" anatero Sajeni. "Bambo, kwerani apa. Mukupita nane."

"Mwawamanga?" anafunsa Jacinta.

"Ndawamanga. Ndikawasiya pano safika masana."

"Sanabe, bwana. Mwezi wonse sanatuluke m'nyumba."

"Anganene zimenezo ndani kupatula inu, mwana wawo? Chimene chingawatulutse ndi mitengoyo, ipezeke kwa munthu wina. Ikapanda kupezeka, Lachinayi akaonekera kukhoti, ndipo akuchokera kumeneko wa kundende."

Sajeni sanali waulesi. Atawatsekera a Lackson anabwerera, nayenda khomo ndi khomo m'mbali mwa msewu. Mayi wina wogulitsa tomato anati anaona anthu atatu akugwira ntchito pa mlatho Lamulungu lina.

"Nkhope zawo munaziona?"

"Anavala majekete, bwana."

"Ndafunsa nkhope."

"Ndinkati ndi a boma. A boma umawayang'ana kumaso?"

Anakafufuza kunyumba kwa a Lackson, napeza sipanala yaikulu kunsi kwa bedi, yachita dzimbiri pakamwa. Mitengo sanaipeze. Analemba zonse m'kabuku, koma mumtima ankadziwa kuti alibe kanthu.

Masana a tsiku lomwelo, adokotala atauyeza mtembo, anafika a George, malume ake a Matthews, amene ndiwo mwini mbumba. Mpando anaukana. Ananena zinthu ziwiri ali chiimire: maliro akaikidwa mawa lake kwawo kwa Mkuwazi, ndipo bokosi akhome a kuchikamwini, popeza ndiko mwana wawo wafera.

Kwa Chizinga bokosi sagula. Pakagwa zovuta, amuna amapita kwa mmisiri wa m'mudzi, amatenga matabwa amene alipo, ndipo mmisiriyo amakhoma ulere. Wokaniza maliro thabwa amadziwa chimene chikumudikira. Tsiku limene adzaferedwe, adzukulu okumba manda sadzagwira khasu, adzakumba yekha ndi mkazi wake.

Amuna asanu anafika pa shedi ya Alick cha m'ma 3 koloko. Anamupeza atakhala pa benchi, manja ali pakati pa miyendo. Chimvereni za ngoziyo, chakudya chinali chisanamulowe.

"Amisiri, zovutazi mwazimva. Tabwerera matabwa."

"Matabwa ndilibe, abale anga. Paini anandithera sabata yatha."

Mmodzi anakoka lona imene inali pakona. Pansi pake panali matabwa oderako, ocheka kumene, osalala bwino. Inali mitanda iwiri yotsala, poti iwiri inayo inali itapita kale ku tauni. Alick anali ataicheka, atapala phula lonse lakunja, ndipo mabowo a mabawuti anali atawatseka ndi timitengo ndi guluu.

"Nanga awa?"

"Amenewo ndi a eni. Oda ya ku tauni."

"A ku tauniwo adzakukumbirani manda?"

Alick anayang'ana nkhope zisanuzo. Akakana, ayamba kufunsa chifukwa. Kenako maganizo ena anamubwerera, ndipo anadziona wanzeru zedi: mawa dzuwa likamalowa, matabwawo adzakhala ali pansi pa nthaka, kumene wapolisi aliyense sangawaone.

"Tengani," anatero. "Matthews anali m'bale wathu. Koma nsalu yokutira bokosi ikhale yakuda."

Amayi a mpingo anabweretsa yoyera. Anati Matthews anali wa kwaya, ndipo wa kwaya sapita ndi yakuda. Alick anatsutsa kamodzi. Ataona kuti ayamba kumuyang'anitsitsa, anakhomera yoyerayo. Misomali inkapindika pa muwanga, iye n'kumanamizira kuti misomali ya masiku ano ndi yachabechabe.

Lachitatu, 11 koloko, lole ya maliro inanyamuka. Dzuwa la Okutobala linkawotcha mosanyengerera. Loleyo inalibe denga, ndipo inkayenda pang'onopang'ono kuti oyenda pansi asatsale. Jacinta anakhala pafupi ndi bokosi, atazolika mutu monga amachitira namfedwa. Apongozi ake, mayi Felesiya, anakhala mbali inayo. Chifikireni anali asanamulankhule. Alamu ake ankanong'onezana, koma mokweza ndithu kuti amve: mwana wa wakupha.

Jacinta anali ndi mantha. Ankaganiza za bambo ake, mwendo wotupa uja pa simenti ya m'chitokosi, ndipo ankadziwa kuti kundende sakakhalitsa. Ankaopanso chinthu china chimene sakanauza munthu: nanga ngati anthuwa akunena zoona?

Ali m'maganizo amenewo anamva fungo. Linali fungo la ovololo ya kuntchito ya bambo ake, imene wakhala akuichapa kuyambira ali mtsikana. Phula. Anaganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Anatseka mphuno ndi chitenje, koma fungo silinachoke.

Lole inaima pa Katsumwa, poti panalibenso powolokera galimoto. Adzukulu a kwa Mkuwazi anali akudikira kuti anyamule bokosi pamanja, atsike nalo mumtsinje, umene nyengo imeneyi madzi ake amalekeza m'akakolo, akalikweze pa ngolo kutsidya. Sajeni Thawale anali pomwepo ndi wapolisi mnzake mmodzi, akujambula zothyoka ndi foni, diso lina lili pa gulu.

Amuna asanu ndi mmodzi analitukula bokosi, nalibweza pomwepo.

"Mwaikamo ndi njerwa zomwe kodi?" anatero mmodzi. Adzukulu pamaliro amanena chilichonse, palibe amawaletsa.

Anawonjezera amuna awiri. Anatsika gombe akutsetsereka, misempha ya m'khosi itatuluka. Atafika pansi pa mlatho, pamthunzi, mkulu wawo anati apumeko. Anayala mphasa pamchenga, natsitsirapo bokosi.

Jacinta anadzutsa maso. Pa nsalu yoyera ija panali madontho akuda, ozungulira, aakulu ngati chitsekero cha botolo. Sanali omwazikana. Anali awiriawiri: awiri chakumutu, awiri pakati, awiri chakumapazi. Dzuwa la pa lole linali litasungunula phula la m'kati mwa mabowo, ndipo linkatuluka m'mbali mwa timitengo ta Alick. Anayang'ana kumwamba. Pa mitanda yotsala ya mlatho mabawuti analinso awiriawiri, motalikirana chimodzimodzi. Ankawadziwa bwino, poti ali mwana ankagwirira bambo ake chitini cha phula pamalo omwewo.

Namfedwa saimirira pakati pa ulendo wa maliro, salankhula, sakweza mutu. Mkulu wa adzukulu anali atanena kale kuti, "Tiyeni, tinyamule."

"Dikirani!"

Nyimbo inadukira pakati. Anthu onse, a pagombe ndi a mumtsinje, anatembenuka.

"Bokosili ndi la mitengo ya mlatho," anatero Jacinta.

"Mugwireni, chisoni chamusokoneza," anatero a George.

Amayi awiri anamugwira mikono. Anawapulumuka, nakagwada, nakumbatira bokosi.

"Bwana Sajeni! Bwerani mudzanunkhize!"

"Mayi, mwatiphera mwana," anatero a George. "Tsopano mukufuna mumuchititsenso manyazi panjira? Maliro saima panjira. Adzukulu, nyamulani."

Sajeni anatsika gombe. Anapaka chala pa dontho limodzi, nachinunkhiza. Anayang'ana gulu: anthu oposa mazana atatu, apolisi awiri okha. Analankhula motsitsa mawu, osati kwa a George koma kwa mayi Felesiya.

"Amayi, mwana ndi wanu. Ndikupempha ndiboole nsaluyi malo amodzi okha."

Mayi Felesiya anayang'ana madontho aja nthawi yaitali.

"Boolani."

Sajeni anang'amba nsalu ndi kampeni. Anakolokosa pakati pa dontho, ndipo kamtengo kanatuluka kali noninoni ndi phula. Anatola bawuti limodzi pa zothyoka za mlatho, naliika pabowo. Linalowa ngati kwawo. Anatolanso chitsulo chophwatalala cha mabowo awiri, chimene chimagwira mitanda polumikizira, nachisanjika pa bokosi. Mabowo ake anagwera ndendende pa madontho awiri aja.

"Wakhoma bokosili ndani?"

Mitu yonse inazungulira kufuna Alick. Iye anali atafika kale pakati pa gombe, akukwera ndi manja ndi mawondo. Pamwamba sanafike. Adzukulu atatu anamugwira miyendo, namukokera pansi pamodzi ndi dothi.

"Sindimafuna kupha munthu!" analira Alick. "Ndimati ugwira mpaka mvula! Inayo inapita ku tauni! A Lackson sakudziwapo kanthu!"

Gulu linamukhamukira. Sajeni anamumanga unyolo, namukankhira kumbuyo kwake, mnzake uja nakweza mfuti m'mwamba.

"Womugenda apita naye limodzi," anatero Sajeni. "Ndikukuonani nonse."

Miyala inagwa m'manja umodziumodzi. Jacinta anapumira m'mwamba, akuganiza kuti zatha. Koma Sajeni anabwera nanjuta pafupi naye, ndipo analankhula mokweza pang'ono kuti a George ndi mayi Felesiya amve.

"Mayi, zimene wanena Alick wazinena poopa miyala. Mawa kukhoti akana. Mitengo ya ku tauniyo kaya ndiipeza, kaya ayi. Umboni umene ndili nawo ndi bokosili. Likalowa m'manda, kulifukula mpaka khoti lilamule, ndipo zimenezo zimatha miyezi. Miyezi yonseyo bambo anu akhala ali kundende."

"Mukutanthauza chiyani?" anafunsa a George. "Timutulutse? Pano? Pamtsinje?"

"Bwanji muchotse thabwa limodzi?" anatero mkulu wa adzukulu.

"Mabowo ali m'mbali ndi pansi. Kuchotsa thabwa lotero ndi kuphwasula bokosi," anayankha Sajeni.

Bokosi lina loti akhome msanga panalibe. Matabwa kunalibe, mmisiri anali mu unyolo, kunkatentha, ndipo kwa Mkuwazi manda anali atakumbidwa kale. Mwambo wakonko sulola dzenje kugona losakwirira.

A George anaseka kuseka kowawa.

"Munthu wa ngolo yake ndi ng'ombe zake, apite m'mphasa ngati wosowa abale? Chabwino. Mayi, nenani nokha. Mwamuna wanu ameneyu."

Onse anayang'ana Jacinta. Anakhala ndi Matthews zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankamukonda. Anali munthu wodzisamala, woti sankapita ngakhale kudimba ndi malaya ong'ambika. Jacinta ankadziwa kuti mawu amene anene, a kwa Mkuwazi adzawakumbukira mpaka tsiku la imfa yake. Anachotsa manja pa bokosi.

"Mtulutseni."

Alamu ake anakuwa. Wina anamulavulira malovu pafupi ndi bondo. Mayi Felesiya anakweza dzanja, ndipo phokoso linatsika. Sanamuyang'ane Jacinta.

"Mwamva. Nanenso sindifuna mwana wanga agone m'mitengo imene yamupha. Amayi, tchingani."

Amayi anamasula zitenje zapamwamba, nazigwira m'makona, natchinga mozungulira. Adzukulu anazula misomali. Matthews anamukulunga m'mphasa ija, koma mphasa inali yaifupi, mapazi anatsalira kunja. Jacinta anavula chitenje chake, nawafunditsa, namanga ndi luzi. Amuna anayi okha anamunyamula, nawoloka naye mosavuta. Wotsogolera kwaya anayesa kuyambitsa nyimbo kawiri, ndipo kachitatu m'pamene anthu anavomera.

Bokosi lopanda kanthu linakweranso lole kubwerera kumene linachokera. Alick anakhala pambali pake, unyolo uli m'manja, mutu uli pakati pa mawondo.

Lachinayi, 8 koloko m'mawa, Jacinta anali pa kauntala ya kupolisi. Anachoka kwa Mkuwazi mwambo wometa usanachitike. Palibe anamuletsa, palibenso anamuperekeza.

Anawatulutsa a Lackson. Mwendo unali utatupa kufika m'bondo. Sajeni anawauza mwachidule kuti wakuba wagwidwa, ndi Alick Chimbalanga, ndipo iwo ali omasuka. A Lackson sanamwetulire. Anagwira mwana wawo dzanja, natuluka naye pang'onopang'ono.

"Munamuika bwino mwana wa eni ake?"

Jacinta asanayankhe, iwo anali ataona kale. Pakhonde, pafupi ndi njinga zogwidwa, panali bokosi la nsalu yoyera yothimbirira, atalimata pepala la nambala. Anatsimphina kufika pomwepo. Anasisita thabwa pamene nsalu inang'ambika, ndipo mtengowo anaudziwa. Anatukula chivindikiro pang'ono. Munalibe kanthu.

"Jacinta. Nanga mkamwini wanga wagona m'chiyani?"

"M'mphasa, ababa."

"Analamula zimenezo ndani?"

"Ine."

A Lackson anatsitsa chivindikiro pang'onopang'ono. Anakhala pansi pakhonde la polisi, ndodo ili pambali, nayamba kulira maliro amene sanapiteko.